Niya Yabwino, Mabatire Akutha ndi Ndalama za Banja



Usiku wina m'sabata yoyamba ya Ramadhani ino, nditangofika kunyumba kuchokera ku Taraweh, foni idalira. Adali mwana wa mchemwali wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Malonje sadatenge nthawi, ndipo ndidadziwiratu kuti pali chimene chikumutentha pamtima. “Amalume,” adatero, “ndapeza poika ndalama zija tikusonkhera ulendo wa Hajj wa amayi, kuti zisamangogona. Pali makampani amene amatenga mabatire akutha a magalimoto oyendera magetsi n'kutulutsamo zitsulo zopangira mabatire ena. Mulibe mowa, mulibe nkhumba, mulibe njuga. Ndi ntchito yosamala dziko. Ngati pali malonda a halali pansi pano, ndi amenewa.”

Ndidamufunsa kuti kampani imene wasankhayo mabatire akuthawo ikuwatenga kuti lero lino, ndiponso kuti ili ndi ngongole yochuluka bwanji. Kudali zii. Kenako adati, “Koma amalume, tsogolo ndi limenelo.”

Mnyamatayu si wopusa, ndipo ndidamupempha chilolezo ndisanalembe izi. Ndikulemba chifukwa maganizo akewa ndawamvanso kwa ophunzira a m'makoleji ndi kwa abale ena a pamzikiti, onse akuyenda njira imodzi: chinthuchi n'chabwino, ndiye kuikamo ndalama n'kololedwa, ndiye phindu libwera. Ife Asilamu tidazolowera kuyeza ntchito ndi niya, ndipo m'mwezi uno niya ndiyo imasiyanitsa kufunga ndi kungokhala ndi njala. Koma pa malonda niya yabwino siyeretsa mgwirizano wolakwika, ndipo silipira ngongole ya fakitale.

Tiyambe ndi pamene mnyamatayu akunena zoona, chifukwa mpambiri. Batire ya galimoto yamagetsi si kabokosi kaja timanyamula pa njinga kupita nako kotchajitsa. Ndi chimphona cholemera makilogalamu mazana angapo, choyalidwa kunsi kwa galimoto yonse. M'kati mwake muli lithium, nickel, cobalt, manganese, graphite, mkuwa ndi aluminiyamu. Batire ikakalamba, chimene chatha ndi mphamvu yake yosunga magetsi, koma zitsulozo zimakhala zili momwemo. Cobalt amene wagwira ntchito zaka khumi ndi cobalt yemweyo. Makampaniwa amayamba ndi kukhetsa magetsi otsala, chifukwa batire ya lithium ikabooledwa ili ndi mphamvu imabuka moto wovuta kuzimitsa. Kenako amaiphwasula n'kuigaya, n'kupeta mapulasitiki ndi tizidutswa ta mkuwa, mpaka kutsala ufa wakuda umene pa malondawa amautcha black mass. Chuma chili mu ufa umenewu. Ena amauwotcha m'ng'anjo zotentha kwambiri. Njira imeneyi imapulumutsa nickel, cobalt ndi mkuwa, koma lithium wambiri amatsalira m'zotsalira za ng'anjo. Ena amausungunula mu asidi n'kumatulutsa chitsulo chimodzichimodzi, ndipo njira iyi imabweza zambiri, kungoti imafuna fakitale yodula ndi mankhwala ochuluka.

Tikakumbuka kumene zitsulozi zimachokera, ulemu wa ntchitoyi umaoneka. Pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a cobalt wa padziko lonse amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, makamaka kuzungulira Kolwezi, kufupi ndi malire a Zambia. Gawo lina limakumbidwa ndi manja m'maenje opanda zochirikiza, ndipo mu 2016 bungwe la Amnesty International lidatulutsa lipoti losonyeza ana akugwira ntchito m'migodi yotereyi. Lithium akukumbidwa ku Bikita ndi ku Goromonzi m'dziko la Zimbabwe, graphite ku Balama m'dziko la Mozambique, ndipo kwathu kuno ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezeka graphite wambiri pamodzi ndi rutile. Tani iliyonse yobwezedwa kuchokera m'mabatire akutha ndi tani imene sidafune dzenje latsopano. Chipembedzo chimene chimatiletsa kusakaza ngakhale madzi a wudhu sichingatsutse ntchito yotere. Pamenepa ine ndi mnyamatayu tili pamodzi.

Tikusiyana pa nkhani ya nthawi. Mabatirewa akukana kufa msanga. Opanga magalimoto ambiri amalonjeza kuti batire idzagwira ntchito zaka 8 kapena makilomita 160,000, ndipo mabatire ambiri akupitirira pamenepo. Tsono magalimoto amagetsi ayamba kuchuluka posachedwapa: mu 2020 padziko lonse adagulitsidwa pafupifupi 3 miliyoni, mu 2024 adaposa 17 miliyoni. Werengani nokha. Galimoto yogulidwa mu 2024 batire yake idzafika kwa wogaya m'zaka za m'ma 2030, ndipo ngakhale pamenepo ena adzayamba aitenga kukasungiramo magetsi a dzuwa zaka zina zingapo isanagayidwe. Zimene mafakitale ambiri akugaya lero ndi zinyenyeswa zotsala popanga mabatire atsopano, mabatire a magalimoto ochita ngozi kapena obwezedwa chifukwa cha vuto, ndi mabatire a mafoni ndi malaputopu. Zinyenyeswazo amachita kulimbirana, ndipo opanga mabatire akamazolowera ntchito yawo, zotaya zimachepa.

Amene adakulira kumudzi akuona kale chithunzi chake. Ndi munthu amene wamanga chigayo chachikulu ndi ndalama za ngongole m'dera limene chimanga changobzalidwa kumene. Sadalakwe poganiza kuti anthu adzafuna kugayitsa. Adzafunadi. Koma wokongoza sadikira masika, ndipo mnyamata wa pachigayo amafuna malipiro ake mwezi ukatha.

Pamwamba pa nthawi pali mtengo. Wogaya mabatire sagulitsa lithium wake pamtengo wapadera ati chifukwa wasamala chilengedwe. Amagulitsa pamsika umodzi ndi eni migodi. Mu Novembala 2022 mtengo wa lithium carbonate ku China udafika pafupifupi 600,000 yuan pa tani, ndipo nthawi imeneyo aliyense wolemba mapulani a fakitale yogaya mabatire ankaoneka wanzeru kuposa anzake onse. Pofika kumayambiriro kwa 2024 mtengowo udali pansi pa 100,000 yuan. Mlimi wa nandolo safuna womasulira pa nkhani imeneyi: zimene walowetsa m'munda sizibwerera chifukwa choti mtengo wa pamsika wagwa.

Palinso china chimene otsatsa sakonda kuchitchula. Mabatire onse si amodzi. Amene amapindulitsa wogaya ndi aja okhala ndi nickel ndi cobalt, chifukwa zitsulo zimenezi n'zodula. Koma mtundu umene ukufala mofulumira ndi wotchedwa LFP, wopangidwa ndi lithium, chitsulo wamba ndi phosphate, wopanda cobalt ndi nickel n'komwe. Kampani ya BYD ya ku China imaugwiritsa ntchito m'magalimoto ake, Tesla nayo m'magalimoto ake ena, ndipo mu 2024 mtundu umenewu udali pafupifupi theka la mabatire a magalimoto amagetsi padziko lonse. Kwa amene amadandaula za ana a m'maenje a cobalt, iyi ndi nkhani yabwino. Kwa wogaya ndi yowawa, chifukwa mu ufa wake wakuda mulibe zambiri zogulitsa, moti m'maiko ena mwini batire amachita kumulipira kuti ailandire. Taonani mmene zinthu ziwiri zabwino zikukokanirana: chimene chikuchepetsa kufunika kwa cobalt ndicho chikudyanso phindu la mwini masheya.

Kuti zisakhale nkhambakamwa, tiyeni titsate kampani imodzi kuyambira pobadwa. Li-Cycle idakhazikitsidwa ku Canada mu 2016 ndi akatswiri awiri, Ajay Kochhar ndi Tim Johnston. Pulani yawo idali yooneka bwino: mafakitale ang'onoang'ono ogaya mabatire m'malo osiyanasiyana, ku Kingston ku Ontario, ku Arizona, ku Alabama, ku Magdeburg ku Germany, ndipo ufa wakuda uzipita ku fakitale imodzi yaikulu ku Rochester m'chigawo cha New York kukasanduka lithium, nickel ndi cobalt wogulitsika. Mu Ogasiti 2021 masheya ake adayamba kugulitsidwa pa New York Stock Exchange, ndipo anthu wamba ambiri adagula ndi mtima womwewu wa mwana wa mchemwali wanga. Glencore, kampani yaikulu ya migodi ndi malonda a zitsulo, idaikongoza madola 200 miliyoni mu 2022. Kumayambiriro kwa 2023 boma la United States lidalonjeza ngongole ya madola 375 miliyoni ngati kampaniyo ikwaniritse zofunika zina. Ndani akadakayika?

Mu Okutobala 2023 kampaniyo idalengeza kuti yaimitsa ntchito yomanga ku Rochester chifukwa ndalama zomangira zakwera kupitirira zimene idayerekeza. Fakitale imene idawerengeredwa madola 560 miliyoni tsopano inkaoneka kuti ifuna pakati pa 850 miliyoni ndi biliyoni imodzi. Mtengo wa masheya udagwa pafupifupi ndi theka tsiku limodzi. Mu 2024 Glencore idaonjezera ngongole ina ya madola 75 miliyoni, ulendo uno yokhala ndi chikole. Ndalama za boma zija sizidafike m'manja mwa kampaniyo. Mu Meyi 2025 Li-Cycle idapita kukhoti kukapempha chitetezo kwa amene idawakongola, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho Glencore idatenga katundu wake waukulu.

Apa ndikufuna tiime pang'ono. Luso logaya mabatire silidafe. Makina alipo, ndipo mwina tsiku lina adzabala phindu lalikulu. Koma phindulo silidzapita kwa amene adagula masheya mu 2021. Kampani ikagwa, lamulo limaika okongoza patsogolo pa mzere ndi eni masheya kumapeto, ndipo kawirikawiri mbale imafika kwa iwo itapukutidwa kale. Amene adalowa ndi ngongole ya chiwongoladzanja adatuluka ndi makiyi a fakitale. Amene adalowa ngati mnzake wa pamalonda, wokonzeka kugawana phindu ndi kuluza, adatuluka chimanjamanja. Wophunzira amene amadabwa chifukwa chimene Shariya imaletsera riba, kapena chifukwa chimene maulama amaunika ngongole za kampani asananene kuti masheya ake ndi ololedwa, ayang'ane mzere umenewu bwinobwino. Kugula sheya m'kampani yomira m'ngongole n'kulowa ubwenzi wa sitolo imene makiyi ake ali kale m'thumba mwa munthu wina.

Ndipo Li-Cycle siili yokha. Northvolt ya ku Sweden, imene maiko a ku Ulaya adaikapo chiyembekezo chachikulu pa kupanga ndi kugaya mabatire, idagwa mu Marichi 2025. Umicore ya ku Belgium, kampani yakale imene mizu yake ili m'migodi ya Katanga ya nthawi ya atsamunda, yakhala ikubweza zitsulo za m'mabatire ku Hoboken kwa zaka zambiri, koma mu 2024 idalengeza kuti fakitale yake yaikulu yatsopano siyamba ntchito chaka cha 2032 chisanafike. Akuluakulu a ntchitoyi ambiri ali ku China, monga Brunp imene ili pansi pa CATL, ndipo mphamvu yawo ndi yoti zinyenyeswa amazitenga pakhomo pomwepo, zimene atulutsa n'kuzibwezanso kwa kholo lawo. Ku America dzina lotchuka ndi Redwood Materials ya ku Nevada, imene adaiyambitsa JB Straubel, mmodzi mwa oyambitsa Tesla, mu 2017. Koma masheya a Redwood sagulitsidwa pamsika wa anthu onse. Munthu akakutumizirani uthenga pa WhatsApp kuti akugulitsani kachigawo ka kampani yotere ndi K50,000, mwadziwa kale amene mukuyankhula naye.

Wina anganene kuti malamulo akubwera adzakakamiza dziko kugaya mabatire. N'zoona, ndipo iyi ndiyo mfundo yamphamvu koposa ya mbali inayo. Lamulo la European Union la 2023 likuti pofika kumapeto kwa 2027 ogaya azibweza magawo 90 pa 100 a cobalt, nickel ndi mkuwa, ndi magawo 50 a lithium. Likutinso kuyambira 2031 mabatire atsopano azikhala ndi zitsulo zobwezedwa zosachepera magawo 16 a cobalt, 6 a lithium ndi 6 a nickel. Ntchitoyi idzakhalapo ndipo idzakula, ine sindikutsutsa. Funso langa ndi loti ndani adzakhale adakali chiimire nthawi imeneyo. Mpaka pano amene akuoneka ndi aja a thumba lakuya loti n'kupirira zaka zambiri zoluza, ndi aja amadikira kuti anzawo agwe kuti agule mafakitale awo motchipa. Banja limene likusonkha ndalama za Hajj silili m'magulu awiriwa.

Tsopano ku funso limene mnyamatayu adaliyankha mothamanga: kodi ndi halali? Iye adayang'ana chimene kampani imagulitsa, ndipo pamenepo palibe vuto. Koma umenewo ndi muyeso woyamba chabe. Kugula sheya n'kukhala mwini kachigawo ka kampani yonse, pamodzi ndi ngongole zake ndi kumene imasunga ndalama zake. Bungwe la AAOIFI la ku Bahrain, limene miyeso yake imatsatiridwa ndi mabanki ambiri a Chisilamu, limati ngongole za chiwongoladzanja za kampani zisapitirire magawo 30 pa 100 a mtengo wake wa pamsika, ndalama zimene yasungitsa kuti zibale chiwongoladzanja zisapitirirenso magawo 30, ndipo zolowa zochokera ku zoletsedwa zisapitirire magawo 5 pa 100 a zolowa zonse. Ngakhale kampani itadutsa, kachigawo kodetsedwako ka phindu lanu mumayenera kukachotsa n'kukapereka kwa osowa. Ndipo alipo maulama amene amaona kuti miyeso imeneyi n'njofewa, moti iwo sagula n'komwe kampani yokhala ndi ngongole ya riba.

Makampani achichepere ogaya mabatire amapunthwa pa miyesoyi mbali zonse. Akangotolera ndalama pamsika, amazisunga ku banki zikubala chiwongoladzanja podikira kumanga, pamene malonda awo akadali ochepa, kotero chiwongoladzanjacho chingathe kukhala gawo lalikulu la zolowa zawo. Akayamba kumanga, amakongola. Ndipo popeza ngongole imayezedwa poiyerekeza ndi mtengo wa kampani pamsika, mtengo wa masheya ukagwa ndi theka, kampani imene idadutsa muyeso mwezi watha imalephera mwezi uno ngakhale sidakongolenso tambala. Pamenepo Msilamu wosamala amapezeka akugulitsa pa nthawi yoipitsitsa, mtengo uli pansi. Mawu akuti halali pa sheya sali ngati chidindo cha pa nyama chimene chimadindidwa kamodzi; amafuna kuunikanso miyezi ingapo iliyonse, ndipo ambiri a ife tilibe nthawi kapena luso lochitira zimenezo.

Abale a ku South Africa ndi ku Britain, kumene kugula masheya kuli pa foni, achenjerenso ndi ichi. Mapulogalamu ena sagulitsa sheya yeniyeni. Amagulitsa mgwirizano wotchedwa CFD, umene ndi kubetcha kuti mtengo ukwera kapena utsika, kawirikawiri ndi ndalama zobwereka zimene zimalipiritsa chiwongoladzanja usiku uliwonse. Simukhala mwini chilichonse. Batire ili m'dzina lokha, m'kati muli njuga ndi riba zitakumbatirana.

Kunsi kwa zonsezi kuli akuba enieni. Ndidaonapo anansi anga akulowa m'pulogalamu ya pa foni imene inkati gulani batire yathu, tizikupatsani phindu tsiku lililonse. Masabata oyamba idalipiradi, ndipo amene adalandira ndiwo adakopa achibale awo, mpaka m'mawa wina pulogalamuyo idakana kutseguka. Ena mpaka lero sapatsana moni. Malonda enieni salonjeza phindu lokhazikika tsiku ndi tsiku, ndipo wolonjeza zotere akukupatsani riba kapena ndalama za mnzanu amene walowa pambuyo panu. Allah atiteteze.

Kwa ife amene tili kumudzi kuno, pa Malawi Stock Exchange palibe kampani yogaya mabatire, ndipo kutulutsa ndalama kukagula masheya kunja kumadutsa m'malamulo a ndalama zakunja a Reserve Bank. Ndikumvetsa chimene chimakoka mtima. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, aliyense amene adasunga ndalama adaona thukuta lake likusungunuka, ndipo mawu akuti madola adayamba kumveka ngati pothawira. Koma kuthawa kwacha n'kukalowa m'kampani imodzi yaing'ono imene sidapangepo phindu n'kuthawa mvula n'kukabisala m'nyumba yong'aluka khoma.

Sindikunena kuti Msilamu asayandikire malondawa. Mtumiki (SAW) mwini adachita malonda ndi chuma cha Mayi Khadija (RA) asanapatsidwe utumiki, ndipo malonda ali ndi kugwa ndi kudzuka. Kuluza pa malonda a halali si tchimo. Amene ali ndi ndalama zotsala, zimene atazitaya banja lake silingagone ndi njala, ndipo amatha kutsegula lipoti la pachaka la kampani n'kupeza tsamba la ngongole, angathe kuikamo kachigawo kochepa atatsimikiza miyeso ija, ali wokonzeka kudikira zaka zambiri. Kwa ambiri a ife njira yodekha ndi thumba la masheya a makampani ambiri ounikidwa kale ndi maulama, m'mene kugwa kwa imodzi sikugwetsa nyumba yonse. Koma ndalama za Hajj ya mayi, za fizi, za ana amasiye, za mzikiti, si zanu nokha. Ndi amana, ndipo amana sitiyesera mwayi, ngakhale pa ntchito yokongola bwanji. Tikumbutsane apa, popeza ambiri timawerengera zakaat m'mwezi uno: masheya ogulidwa n'cholinga chodzawagulitsanso amawerengeredwa pamtengo wake wa pamsika wa tsikulo, magawo awiri ndi theka pa 100, chuma chanu chikafika pa nisab ndipo chaka chakwana, kaya abala phindu kaya ayi.

Kwa ophunzira ndili ndi mawu ena. Ngati mwaona kuti tsogolo lili m'mabatire, mwaona bwino, koma mpamba wanu si K100,000 imene mwapulumutsa pa ndalama za m'thumba. Mpamba wanu ndi mutu ndi manja. M'misewu yathu mukuyenda kale ma Toyota Aqua ndi ma Honda Fit a hybrid ochokera ku Japan, ndipo iliyonse ili ndi batire yaikulu imene tsiku lina idzafooka. Njinga zamoto zamagetsi zayamba kuoneka. Nyumba, zipatala ndi mizikiti zikuika sola, ndipo ena asiya mabatire akale aja n'kuyamba a lithium. Akufunika anthu odziwa kuyeza batire, kupeza gawo limodzi lofooka n'kulisintha m'malo motaya yonse, kudziwa kuisunga ndi kuinyamula kuti isayake. Wophunzira chemistry kapena zamagetsi ku MUBAS, ku MUST kapena ku koleji ya ntchito zamanja ali pafupi ndi phindu la nkhaniyi kuposa wogula masheya a ku New York pa foni.

Ndipotu batire imene ikutikhudza lero si ya Tesla. Ndi ija ya mtovu ndi asidi, ya galimoto wamba ndi ya sola, imene ikatha timaiika kuseri kwa khitchini kudikira anyamata ogula zitsulo zakutha. Mtovu ndi chitsulo chosavuta kubweza, ndipo kumene ntchitoyi imachitika mwadongosolo pafupifupi batire iliyonse imabwerera m'fakitale. Koma ikaphwanyidwa ndi nkhwangwa pabwalo, asidi n'kuthiridwa pansi, mtovu n'kusungunulidwa pamoto wa poyera, fumbi lake limalowa m'magazi a ana n'kuwononga ubongo, ndipo madokotala amati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene uli wotetezeka. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 adamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa cha mtovu wa m'mabatire ophwanyidwa m'makomo. Ku Owino Uhuru ku Mombasa, fakitale yosungunula mabatire idadwalitsa mudzi, ndipo Phyllis Omido, amene adagwirapo ntchito m'fakitale momwemo, adatsogolera anthu mpaka khoti lidalamula chipepeso mu 2020. Ngakhale ku America, mu Okutobala 2024 fakitale yogaya mabatire a lithium ku Fredericktown ku Missouri idapsa, ndipo anthu oyandikana nayo adasamutsidwa m'nyumba zawo. Mafakitale onsewa akadatha kudzitcha osamala chilengedwe. Choncho wofuna kukhala mwini kachigawo ka kampani yotere afunsenso kumene utsi wake ndi madzi ake akuda zimapita, chifukwa nazonso zimalowa m'sheya yake.

Mnyamata uja ndidamuuza kuti ndalama za mayi ake zikhale pamene zili, ndipo ngati akufuna kuyesa ndi zake, anditumizire lipoti la pachaka la kampaniyo kuti tiwerenge limodzi tsamba la ngongole Eid ikadutsa, Insha Allah. Adaseka, nati lipotilo lili ndi masamba oposa zana. Ndidati masiku a Shawwal ndi okwanira. Nditaika foni pansi ndidakumbuka kuti kuseri kwa nyumba yanga kuli mabatire awiri a sola amene adatha chaka chatha, pamalo pomwe adzukulu anga amasewera. Titadya daku ndidawanyamula n'kuwatsekera m'chipinda chosungira makasu, ndipo sabata ino ndifunsa kwa ogulitsa mabatire m'tauni ngati amalandira akutha.